Ku Zambia akatseka mtsinje amatsekanso msika, ife timangolengeza pa wailesi

A Malawi anzanga, pa nkhani ya nsomba a Zambia atisiya kutali, ndipo zikundiwawa kunena chifukwa dziko langa ndimalikonda. Ndi alamu anga a ku Chipata timakokana pa chilichonse, kaya ndi mpira, kaya ndi misewu, kaya ndi mtengo wa feteleza, ndipo sindivomera msanga. Koma pa nkhani ya mlamba ndakhala chete, chifukwa zimene ndaona ndi maso anga zandikwiyitsa.

Mu Januwale ndinali ku Chipata kwa achemwali anga amene anakwatiwa kumeneko. Mvula inagwa usiku wonse, ndipo kutacha ndinalakalaka mlamba wowamba wothira tomato wambiri. Tinapita ku msika wa Kapata. Pa matebulo panali kapenta ndi nsomba zoweta zili mu ayezi, koma mlamba wa mu mtsinje sindinauone. Ndinafunsa mayi wina wachikulire amene anali kuyeza kapenta ndi kambale: "Amayi, mlamba wa ku Luangwa mulibe lero?" Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwachokera ku Malawi eti? Ino ni fish ban, mwana wanga. Mubwere mu Malichi." Amanena za nyengo imene boma limatseka usodzi. Kenako anamasula pa mfundo ya chitenje n'kutulutsa kapepala kopindapinda kali m'pulasitiki, kosonyeza kumene nsomba zake zachokera. Akuti popanda kapepalako, akakupeza pa msewu amakulanda katundu yense. Mayi ameneyu sanali kudandaula ayi. Amanena ngati mmene munthu amanenera kuti lero ndi Lamulungu, mabanki ndi otseka.

Nditabwerera kudzera pa Mwami ndi Mchinji, ndinalowa msika wina ku Lilongwe. Mlamba unali mbwee! Wauwisi m'mabeseni, wina ukupumabe, wowamba uli milu milu pa masaka. Ndinagula umodzi wonenepa kuti ana alawe. Pouwaza kunyumba, mpeni utangolowa pamimba, panatuluka matumba awiri a mazira, odzaza mpaka kuthina, obiriwira modera, kungotsala pang'ono kuti aikiridwe. Ndinaima nawo m'manja mtima ukuwawa. Mlamba umodzi waukulu umanyamula mazira masauzande makumi angapo. Pa beseni limene ndinagulapo panali ina yambiri ya mimba zotupa chimodzimodzi, ndipo mabeseni anali mzere wonse. Palibe amene anafunsa wogulitsa kuti nsombazo zachokera kuti. Palibe kapepala, palibe wa boma, palibe ngakhale wogula mmodzi wodabwa.

Aliyense amene anakulira pafupi ndi dambo amadziwa khalidwe la mlamba. Chilimwe chonse umabisala m'maiwe ndi m'matope. Umatha kupuma mpweya wa pamtunda, n'chifukwa chake umapirira pamene nsomba zina zafa. Mvula yoyamba ikagwa, madzi n'kusefukira mu udzu, mlamba umanyamuka usiku kulowera m'madzi osaya kukaswana, ndipo mazira ake amamatirira ku udzu womizidwa. Nthawi imeneyi ndi imene umakhala wosavuta kupha kuposa nthawi ina iliyonse. Sipafunika bwato kapena luso. Tochi ndi chikwanje basi, kapena miono yotchinga pamene madzi akudutsa. Ndiye ife timaudikira pa nthawi yomweyo imene ukupita kukabereka, n'kumasangalala kuti chaka chino ndiwo zachuluka. N'chimodzimodzi kukazinga chimanga cha mbewu mvula ili m'mwamba.

Chimene a Zambia anachita si chanzeru zakuya. Chaka chilichonse kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, amatseka usodzi m'madzi ambiri a dziko lawo: Bangweulu, Mweru ndi Luapula, Kafue, kumtunda kwa Zambezi, ndi kwina. Kariba sakhala m'gulumo, ndipo Tanganyika ali ndi dongosolo lakelake. Mphamvu ya chiletso chawo ili pa mfundo imodzi: sichithera pa madzi. Chimatsatira nsomba pa msewu mpaka pa tebulo la mu msika. Amene wanyamula nsomba m'miyezi imeneyi ayenera kusonyeza kuti zachokera kumadzi osatsekedwa kapena ku damu loweta. Msodzi akhoza kuzemba usiku, inde, koma akagulitsa kwa ndani ngati wogula wa m'tauni akuopa kulandidwa katundu? Ndipo chifukwa masiku ake sasinthasintha, mwana wa sukulu amawadziwa, woyendetsa basi amawadziwa, mayi wa pa Kapata amawadziwa.

Kwathu kuno chiletso chilipo, musandimve molakwa. Pa nyanja ya Malawi chimayamba pa 1 Novembala kuti chambo chiswane. Ku Malombe kuli chake, ku Chilwa kuli chake cha m'dzinja. Koma chathu chimaletsa makamaka zida zina, monga makoka, pamene matchera ndi mbedza zimapitirira. Tsono taganizani wa ku Dipatimenti ya za Usodzi wafika mu msika wa Limbe kapena Zomba, wapeza dengu la nsomba. Adziwa bwanji kuti iyi inakodwa m'matchera, iyi inakokedwa ndi khoka loletsedwa? Nsomba ikafika pa tebulo imakhala yololedwa basi. Ndiye ntchito yonse imatsalira anthu ochepa othamangitsana ndi mabwato pa nyanja yotalika makilomita oposa 500, mafuta a injini akusowa. Nanga madambo ndi timitsinje ta kumudzi kumene mlamba umaswana, ndani amakafikako? Nyanja iliyonse tsiku lake, chida chilichonse lamulo lake, mpaka msodzi weniweni amasokonezeka, nanji wogula wa ku Area 25. Timalengeza pa wailesi, nduna imalankhula, maukonde angapo amawotchedwa pamaso pa atolankhani, mawa lake msika uli wodzaza.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri chinabwera sabata yomweyo pa gulu lina la WhatsApp. Munthu anaponya kanema wa ku America, bwato likutulutsa magetsi m'madzi, milamba ikuyandama mbwee, mabwato ena akutola ndi maukonde a m'manja. Pansi pake analemba kuti nafenso tiyambe zimenezi pa Shire, ntchito ichepe, ndalama zichuluke. Ambiri anaombera m'manja. Abale, zimenezo n'za ku Virginia, dera lina la ku America, ndipo zili ndi chifukwa chake. Mlamba wa kumeneko umene amautchula blue catfish si wa m'mitsinje imeneyo. Anachita kuubweretsa m'zaka za m'ma 1970 n'kuuika m'mitsinje ya James ndi Rappahannock kuti anthu aziwedza mosangalala, ndiye unaswana mopyola muyeso n'kuyamba kudya nkhanu ndi nsomba zimene zinalimo kale. Boma la kumeneko linalola anthu ochepa chabe, okhala ndi chiphaso, kuti aziupha ndi magetsi ofooka pofuna kuuchepetsa. Ngakhale zili choncho anthu akukanganabe, chifukwa owedza ndi mbedza amati mtsinje ndi wa aliyense, sungaperekedwe kwa bwato limodzi lokolola zonse. Iwo akulimbana ndi nsomba yachilendo imene yawachulukira. Ife mlamba ndi wathu, ndi ndiwo ya munthu wosauka, ndipo ukuchepa. Lamulo lathu la usodzi la 1997 limaletsa magetsi, poizoni ndi mabomba, monganso la Zambia la 2011. Pa pepala tili pamodzi. Koma ife amene talephera kuthetsa katupe m'mitsinje ndi masikito m'madambo, tingathe kuyang'anira batire la galimoto lili m'bwato usiku pa Elephant Marsh?

Tsono ndisawakweze a Zambia ngati angelo. Chiletso chawo chimadontha. Ku Bangweulu ndi ku Mweru asodzi amalowabe m'madzi usiku, ndipo maukonde a timaso ting'onoting'ono amene ku Barotse, kumtunda kwa Zambezi, amawatcha sefa sefa akusesa chilichonse monga masikito athu omwewa. Miyezi itatu ndi yaitali kwa banja limene lilibe munda wodalirika, ndipo imagwera nthawi ya njala, pamene nkhokwe zatha. Amene amalandidwa dengu nthawi zambiri ndi mayi wa mpamba wochepa, pamene wa thiraki amadziwa mmene angadutsire. Ndipo mu Febuluwale 2025, chiletso chili mkati, damu la zinyalala za mgodi wa kopa ku Chambishi linaphulika n'kutayira asidi m'madzi olowera mu Kafue, nsomba n'kufa zosawerengeka. Msodzi wa kabwato kamodzi amene anamvera lamulo miyezi itatu anaona nsomba zimene ankazisunga zikuyandama zakufa. Zimenezo n'zopweteka, ndipo alamu anga sakana.

Palinso china chimene iwo ali nacho chimene chimapeputsa chiletso: nsomba zoweta. Ku Siavonga pa Kariba kuli makola a nsomba a makampani monga Yalelo ndi Lake Harvest, ndipo nsomba zawo zimafika m'matauni chaka chonse. Mtsinje ukatsekedwa, mphika suuma kotheratu. Ife tili ndi Maldeco ku Mangochi ndi madamu a alimi apo ndi apo, koma sizikwanira, ndipo mtengo wake munthu wamba saufikira. Apa ndikuvomera kuti kutseka msika kwathu kungapweteke kwambiri kuposa kwawo.

Koma asandiuze munthu kuti a Malawi sitingasunge chiletso. Pitani ku Salima mukaone chilumba cha Mbenji. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, pansi pa ufumu wa Makanjira, chilumbachi chimatsekedwa m'dzinja, cha mu Disembala mpaka Epulo, ndipo aliyense amachoka. Si nkhani yoti chida ichi inde, ichi ayi. Onse amatuluka, ndipo akatsegula pamakhala mwambo. Wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Anthu amachokera kutali kudzaphunzira za Mbenji, ife eni ake tikungoyang'ana. Ku Chiuta nako, m'zaka za m'ma 1990, asodzi eni ake anadzuka n'kuthamangitsa a makoka a nkacha amene ankasesa nyanja ndi kuvundula madzi akumwa. Vuto linatsalira tsidya la Mozambique, kumene makokawo ankaloledwabe pa madzi omwewo. Pamenepo ndiye ife tinali patsogolo, ndipo ndimanyadira. Za Mozambique sindichulukitsa, koma amene amakhala ku Nsanje ndi ku Nayuchi akudziwa kuti nsomba imadutsa malire mosavuta kuposa lamulo, ndipo wogulitsa aliyense wogwidwa amangoti zachokera tsidya lija.

Mbenji ndi chiletso cha Zambia zikufanana pa chinthu chimodzi, n'chosavuta kumva. Tsiku lakuti mpaka tsiku lakuti, osagwira. Chathu cha boma chili ndi zipinda zambiri zobisalamo, ndipo aliyense wapeza chake.

Sindikunena kuti mawa titseke misika yonse. Tiyambire ku Chilwa, nyanja imene inauma mu 1995 ndipo yaphwanso kwambiri mu 2018, imene matemba, makumba ndi mlamba wake zimadyetsa Zomba, Phalombe, Machinga mpaka Blantyre. Misewu yotulukira ku Kachulu ndi madoko ena ndi yowerengeka. Maroadblock alipo kale, ndipo tsiku ndi tsiku amafufuza matumba a makala. Awonjezere dengu la nsomba m'miyezi ya chiletso, ndipo makomiti a m'madoko apatsidwe mphamvu yolemba kapepala kosonyeza kumene nsomba zachokera ndi tsiku limene zinawambidwa. Mabanja a asodzi aikidwe patsogolo pa ntchito za mthandizi ndi mtukula pakhomo m'miyezi imeneyo, kuti asakakamizike kulowa m'madzi chifukwa cha njala. Ndipo inu amayi ndi abambo ogula m'tauni, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, mukaona mlamba wauwisi wa mimba yotupa pa beseni, funsani wogulitsayo kumene wachokera musanatulutse ndalama.