Mapointi 10 ndi maloto a uinjiniya: kuno kwathu, ku Zambia, ku Tanzania ndi ku Mozambique amasankha bwanji?

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, funso lomwe limazungulira m'Blantyre muno ndi limodzi lokha: mwana wapeza mapointi angati? Akati 10, azakhali nthungululu, amalume ayamba kale kumuitana kuti injiniya. Koma amene anathandizapo mwana kufunsira malo ku MUBAS kapena ku MUST akudziwa kuti nambala imeneyi imabisa zambiri.

Mapointi amachokera pa maphunziro 6 omwe mwana wakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit. Ndiye taganizirani ana awiri. Woyamba wapeza 1 pa Chichewa, Bible Knowledge, Agriculture ndi Geography, 2 pa Chingerezi, 4 pa Masamu. Mapointi 10, ndipo Physics wake wa giredi 5 sanalowe n'komwe m'chiwerengerocho. Wachiwiri wapeza 1 pa Masamu, 1 pa Physics, 2 pa Chemistry, kenako 3, 3 ndi 4 pa enawo. Mapointi 14. Kumudzi phwando lalikulu lichitikira woyambayo, koma zomwe aphunzitsi a uinjiniya akufuna ali nazo ndi wachiwiri, chifukwa pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake omwe imayang'ana, ndipo uinjiniya umayang'ana Masamu ndi sayansi.

Malo nawonso ndi ochepa. MUBAS, yomwe ambirife timaitchulabe kuti Poly ngakhale inachoka pansi pa University of Malawi mu 2021, ndiyo ili ndi nthambi zambiri: zomangamanga, magetsi, makina, migodi, zipangizo za m'chipatala. MUST ya ku Ndata ku Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014, inawonjezerapo malo ena, ndipo LUANAR imaphunzitsa uinjiniya wa zaulimi ndi ulimi wothirira. Onse ofuna malo m'mayunivesite a boma amafunsira kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, kusankha n'kuchitika pamodzi. Kale kunali mayeso olowera ku yunivesite, anawathetsa. Kunalinso kota ya maboma yomwe inakanganitsa anthu zaka zambiri, boma linalengeza zoithetsa mu 2020. Chatsala ndi pepala la MANEB basi. Masabata ochepa a mayeso a Fomu 4 ndiwo amagamula ngati mwana adzavale chipewa cha injiniya kapena ayi.

Ndikayang'ana kwa anzathu otizungulira, chomwe chimandigwira mtima n'chakuti onse amapeta kawiri, pomwe ife timapeta kamodzi n'kutseka nkhokwe.

Tiyambe ndi Zambia, chifukwa poyang'ana koyamba amafanana nafe kwambiri. Mayeso awo a Grade 12 amaperekanso magiredi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo nawonso amawerengera maphunziro 6, kotero mwana wa ku Chipata akati wapeza mapointi 6, wa ku Mchinji akumva bwinobwino zomwe akutanthauza. Kusiyana kumayambira pa chipata cha yunivesite. Ku University of Zambia ku Lusaka, kwa zaka zambiri, wofuna uinjiniya salowa mwachindunji ku sukulu ya uinjiniya. Amayamba walowa ku School of Natural Sciences, komwe chaka choyamba onse amaphunzira limodzi Masamu, Physics, Chemistry ndi Biology. Pakutha pa chakacho m'pamene amagawidwa malinga ndi momwe akhozera: awa ku uinjiniya, awa ku migodi, awa ku udokotala, awa ku zaulimi, ena n'kutsala komweko ku sayansi. Mapointi a ku sekondale amangokulowetsa pa mpikisano, mpikisano weniweniwo umachitikira m'kalasi imodzi, kwa aphunzitsi amodzi, mu labotale imodzi.

Njira imeneyi ili ndi nkhanza zake, ndisanamize munthu. Mwana amene kwawo anatsanzika ngati injiniya angathe kupezeka chaka chachiwiri akuphunzira zomwe sanazilotepo, ndalama za chaka chathunthu zitapita kale. Chaka choyambacho chimakhala cha mantha ndi kusagona. Komabe ine ndimaiona kuti ndi yachilungamo kuposa yathu, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Mwana wa pa CDSS ya ku Lirangwe kapena ku Chileka, yemwe wamaliza Fomu 4 akuwerenga za titration m'buku koma osagwirako chipangizo chake, sangafanane pa mayeso a MANEB ndi mnzake wa ku Blantyre Secondary School, St Patrick's kapena Stella Maris. Giredi 3 wa mwana wa pa CDSS nthawi zina amaonetsa nzeru zakuya kuposa giredi 1 wa mwana amene anali ndi labotale, laibulale ndi mphunzitsi wa Physics wophunzira bwino. Mukawaika awiriwa m'chipinda chimodzi kwa chaka, choonadi chimaonekera. Kuno kwathu sakumana n'komwe, chifukwa wa pa CDSS uja amagwera panja. Kunena mosabisa, mwayi wa mwana wa ku Malawi wodzakhala injiniya umayamba kugamulidwa ali Sitandade 8, tsiku lomwe mndandanda wa osankhidwira ku sekondale watuluka.

Ku Tanzania anasankha njira ina. Akalemba mayeso a Fomu 4 sapita ku yunivesite. Amene akhoza bwino amasankhidwira ku Fomu 5 ndi 6, komwe amatenga maphunziro atatu okha oyenderana. Wofuna uinjiniya amatenga PCM, kutanthauza Physics, Chemistry ndi Masamu, kapena PGM, yomwe m'malo mwa Chemistry muli Geography. Zaka ziwiri akulimbana ndi maphunziro atatu amenewa, n'chifukwa chake akafika ku University of Dar es Salaam amakhala atadutsa kale masamu omwe wophunzira wa ku MUBAS amakumana nawo koyamba m'chaka choyamba. Digiri yawo ya uinjiniya imatenga zaka 4, yathu 5, kotero powerengera zaka zonse kusiyana kwake si kwakukulu. Kusiyana kuli pakuti zaka zokonzekerazo iwo amazichitira ku sekondale, komwe n'kotchipa, ife timazichitira ku yunivesite, komwe malo ndi ochepa ndipo mpando uliwonse ndi wodula.

Vuto la njira yawo n'lakuti khomo limatsekeka msanga. Mwana amene pa Fomu 5 wapatsidwa maphunziro a mbiri ndi zinenero, nkhani ya uinjiniya yathera pomwepo. Ndipo sukulu zawo zotchuka monga Ilboru, Kibaha ndi Mzumbe zimasonkhanitsa ana anzeru pamodzi monga momwe sukulu zathu za national zimachitira. Chomwe ndimawasirira ndi njira ya dipuloma. Wosapita ku Fomu 5 akhoza kulowa ku Dar es Salaam Institute of Technology kapena ku Arusha Technical College, n'kumaliza dipuloma, ndipo akakhoza bwino amaloledwa kupitiriza digiri. Ndi msewu wodziwika, makolo sauona ngati wa olephera.

Zimbabwe, ngakhale sitigawana nayo malire, imayenda mofanana ndi Tanzania: pa mayeso a Fomu 6 otchedwa A Level, omwe amalembetsa ndi bungwe lawo la mayeso la ZIMSEC, giredi A ndi mapointi 5, kotero wokhoza kwambiri pa maphunziro atatu amakhala ndi 15. Kumeneko mapointi akachuluka ndiye bwino, mosiyana ndi kwathu. Apa pali chenjezo kwa makolo oganiza zotumiza mwana kunja: MSCE imafanana ndi O Level, choncho m'mayiko a A Level mwana wa mapointi 8 amauzidwa kuti pali sitepe yomwe sanaikwere. M'Blantyre muno A Level imapezeka m'sukulu ngati St Andrew's, ndipo fizi yake si ya munthu wamba.

Mozambique timaiiwala chifukwa cha Chipwitikizi, chonsecho kuchoka m'Blantyre kupita ku Tete kudzera pa Mwanza ndi Zobue ndi pafupi kuyerekeza ndi kupita ku Lilongwe. Kumeneko kumaliza kalasi ya 12 kumangokupatsa chilolezo chokalemba mayeso olowera. Universidade Eduardo Mondlane ya ku Maputo imalembetsa mayeso akeake, ndipo pa mapulogalamu ambiri a uinjiniya amalemba Masamu ndi Physics. Ku Tete komweko, pafupi ndi migodi ya malasha ya Moatize, kuli sukulu ya boma yophunzitsa uinjiniya wa migodi. Ubwino wa mayeso olowera n'ngwakuti amafunsa zomwe zikufunikadi, ndipo wolephera chaka chino amakonzekera maphunziro awiri okha n'kudzayesanso. Kuno mwana akafuna kukonza giredi ya Physics nthawi zambiri amabwereza Fomu 4, kulipiranso fizi, kuwerenganso zonse. Kuipa kwake tikukudziwa, chifukwa tinakuona nthawi ya mayeso athu olowera: makalasi okonzekeretsa ana amabuka paliponse m'tauni, wolipira ndiye amapindula, wa kumudzi n'kutsalanso m'mbuyo. Ine mayeso amenewo sindikuwasowa.

Ndikanati ndisankhe chobwereka, ndikanatenga chaka choyamba cha ku Zambia ndi msewu wa dipuloma wa ku Tanzania. Choyambacho chimafuna makalasi akuluakulu ndi aphunzitsi ambiri, zomwe si zapafupi, koma si zachilendo kwenikweni, popeza ophunzira uinjiniya amayamba ndi Masamu ndi sayansi zomwezo nthambi zisanasiyane. Chachiwiricho maziko ake tili nawo kale. Soche Technical College ili pompano, makoleji a TEVETA ali m'maboma ambiri, ndipo mayunivesite amalandira anthu amene ali ndi dipuloma komanso agwirapo ntchito. Chikusowa ndi kuti mwana wa Fomu 4 auzidwe momveka kuti akayamba ndi zamagetsi ku Soche angathe kudzafika pa digiri, ndi kuti zaka zomwe waphunzira kumeneko zidzawerengedwe.

Pakadali pano malamulo ndi omwe alipowa, ndipo mwana wa chaka chino sangadikire kuti asinthe. Makolo anzanga, nthawi yofunsa za uinjiniya ndi pamene mwana akulowa Fomu 3 n'kumasankha maphunziro. Ngati wasiya Physics kapena Chemistry poopa kuononga mapointi, khomo watseka yekha, ngakhale adzapeze 9. Ngati sukulu yake imaphunzitsa Additional Mathematics, atenge, adzathokoza m'chaka choyamba. Ngati sukuluyo ilibe labotale, funsani aphunzitsi aakulu kuti ana amakachitira kuti mapulakitiko, ndipo kangati pa teremu. Podzaza fomu ya NCHE, awerenge zomwe pulogalamu iliyonse ikufuna, asadzaze mizere yonse ndi Civil, Electrical ndi Mechanical zokhazokha chifukwa choti ndi zomwe amazimva kwa anthu. Nthambi monga za migodi, za zitsulo kapena za ulimi wothirira ku LUANAR ndi uinjiniya womwewo, ndipo mwana wa giredi 2 pa Masamu ndi 3 pa Physics ayenera kuikapo imodzi mwa zimenezi pa mndandanda wake.