Musamanamizire Linux, pulinta yanu yangosintha adiresi

Chisiyireni Microsoft kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, makompyuta akale m'masukulu, m'maofesi ndi m'mashopu a fotokope kuno ku Dedza ayamba kuikidwa Linux Mint kapena Ubuntu. Dandaulo lofulumira kubwera ndi la pulinta: dzulo imatulutsa bwinobwino, lero yangoti zii, ndiye akuti Linux njovuta, tibwerere kwakale. Abale anga, ine ndikukana. Pulinta ya leza yolumikizidwa pa netiweki ikasiya kuyankha, kawirikawiri wolakwa si Linux ndipo si driver, pulogalamu yothandiza kompyuta kulankhula ndi pulinta. Ndi adiresi.

Chimachitika n'chakuti rauta ndiyo imagawa maadiresi a IP kwa chipangizo chilichonse cholowa pa netiweki, ndipo imangobwereketsa. Magetsi akazima n'kuyakanso, wofika msanga ndiye amatenga nambala yoyamba, ngati malo a pamsika opanda mwini. Pulinta yomwe inali pa 192.168.8.103 imapezeka ili pa 192.168.8.107, pamene kompyuta ikutumizabe ntchito ku nambala yakale ija, yomwe mwina yatengedwa ndi foni ya mlonda. Palinso china. Pulinta imadzuka msanga kuposa rauta, ndiye ikafunsa adiresi osayankhidwa imadzipatsa yokha yoyamba ndi 169.254. Mukaona nambala imeneyo, dziwani kuti pulinta ndi rauta sizinalankhulane. Zimitsani pulintayo, dikirani rauta ikhazikike, muiyatsenso.

Choncho ntchito yoyamba isakhale pa kompyuta. Lumikizani pulinta ku rauta ndi kebulo ya Ethernet ngati bowo lake lilipo. Kebulo imodzi imafika mamita 100, ndipo sisamala za makoma a njerwa omwe amafoola Wi-Fi. Tulutsani pepala lofotokoza za netiweki kuchokera pa mabatani a pulintayo. Pamenepo pali adiresi ya IP ndi nambala ya MAC, yomwe ndi nambala yosasintha yozindikirira chipangizocho pa netiweki. Kenako sankhani chimodzi: mulowe mu rauta n'kuiuza kuti MAC imeneyi izipatsidwa nambala yomweyomweyo nthawi zonse, kapena mulembe adiresi yokhazikika m'pulinta momwemo. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi chifukwa siidikira rauta. Koma nambalayo ikhale kunja kwa zomwe rauta imagawa. Ngati imagawa kuyambira 192.168.8.100 mpaka 200, pulinta muipatse 192.168.8.50, subnet mask 255.255.255.0, gateway (adiresi ya rauta) 192.168.8.1. Mukaipatsa nambala ya m'kati mwa zogawidwazo, tsiku lina laputopu ya mlendo idzalandira yomweyo ndipo zonse ziwiri zidzayamba kudukaduka. Lembani nambalayo pa kapepala, mumate pa pulinta.

Muli ndi MiFi yokha? Yambiri ilibe bowo la kebulo, ndiye mugwiritsa Wi-Fi basi. Mapulinta ambiri amangomva 2.4 GHz, osati 5 GHz, ndipo ngati pa rauta AP isolation ndi yoyatsa, zipangizo zonse zimapeza intaneti koma sizionana. Komanso MiFi ikapita m'thumba la abwana ku msonkhano ku Lilongwe, netiweki ya ofesi yapita nawo. Karauta kakang'ono kokhala pamalo amodzi n'kokwanira, ngakhale kopanda bandulo, poti kusindikiza sikufuna intaneti.

Tsopano pa kompyuta. Tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, mulembe ping 192.168.8.50 kuti muone ngati pulinta ikuyankha. Ikayankha, lembani nambala yomweyo mu Firefox. Pulinta ya pa netiweki ili ndi tsamba lake losonyeza tona yotsala ndi zina. Zikakanika ziwirizi musapitirire, palibe driver yemwe angakonze kebulo yoduka.

Chomwe chimayendetsa kusindikiza pa Linux ndi CUPS, pulogalamu yomwe Michael Sweet anaitulutsa mu 1999, Apple n'kuigula mu 2007. Makompyuta a Mac amagwiritsanso ntchito yomweyi, ndiye onena kuti ndi zongoyeserera sakudziwa. Tsamba lake limatseguka mukalemba localhost:631 mu Firefox, ndipo dzina lanu liyenera kukhala m'gulu la lpadmin kuti muwonjezere pulinta. Ngati pabokosi kapena m'buku la pulinta palembedwa AirPrint, Mopria kapena IPP Everywhere, simukufunika driver aliyense. Mzere umodzi ukwanira:

sudo lpadmin -p Ofesi -E -v ipp://192.168.8.50/ipp/print -m everywhere

CUPS imafunsa yokha pulintayo za mapepala omwe imalandira, ngati imasindikiza mbali zonse ziwiri, ndi zina zotero, choncho pulinta ikhale yoyaka polemba mzerewu. Samalani malo a -E: ikabwera pambuyo pa dzina la pulinta ndiye imaitsegula kuti iyambe kulandira ntchito, koma mukailemba musanalembe -p tanthauzo lake ndi lina ndipo pulinta imakhala yotseka. Malizani ndi sudo lpadmin -d Ofesi kuti ikhale yosankhidwa nthawi zonse. Mint ndi Ubuntu zimathanso kuitulukira zokha pulintayo kudzera mu Avahi, pulogalamu yofufuza zipangizo pa netiweki, n'kuionetsa ndi dzina lalitali. Zimenezo n'zabwino pa laputopu yoyendayenda, koma pa kompyuta ya mu ofesi anthu amasokonezeka poona mapulinta awiri pomwe chipangizo n'chimodzi. Auzeni asankhe Ofesi.

Mapulinta akale, aja ogulidwa ogwiritsidwa kale ntchito, ambiri sadziwa njira imeneyi koma amamva zilankhulo za mapulinta zotchedwa PCL kapena PostScript pa port 9100. Pa tsamba la CUPS sankhani AppSocket/HP JetDirect, adiresi ikhale socket://192.168.8.50:9100, ndipo pa mndandanda wa opanga musankhe dzina lake ngati lilipo, apo ayi Generic PCL 6 kapena PCL 5e. Poyesa, ikani mapepala asanu okha m'thireyi. Mukasankha chilankhulo chomwe pulinta siimva, imayamba kulavula mapepala okhala ndi mzere umodzi wa zizindikiro zosamveka pamwamba, ndipo imatha kumaliza rimu yonse ya mapepala 500 muli panja. Zikatero izimitseni, mulembe cancel -a Ofesi, kenako musinthe driver.

Ovuta enieni ndi aja otchipa omwe alibe PCL kapena PostScript, odalira kompyuta kuwakonzera chilichonse. HP LaserJet 1020 imafuna HPLIP, madriver a HP a pa Linux, ndi kachidutswa kena kotsitsa pa intaneti ndi lamulo la hp-plugin. Canon LBP2900 imafuna driver ya CAPT, yomwe pa Linux imatopetsa ndithu. Onse awiriwa ndi a USB yokha; kuti anzanu asindikizireko mumailumikiza ku kompyuta imodzi, n'kulemba cupsctl --share-printers ndi sudo lpadmin -p Ofesi -o printer-is-shared=true, ndipo kompyutayo ikazima onse aima. Pa mapulinta akale a Brother yesani kaye driver ya printer-driver-brlaser musanalimbane ndi madriver a 32-bit a kampaniyo. Apa ndikuvomera kuti Windows imapepukirako. Koma kwa amene sanagule, nkhani ndi yosavuta: yang'anani bowo la Ethernet ndi chizindikiro cha AirPrint kapena Mopria. Pa maina a HP, monga M404dn, n ndi netiweki ya kebulo, d ndi kusindikiza mbali ziwiri, w ndi Wi-Fi.

Kukula kwa pepala kumavutitsanso anthu pachabe. Ife timagwiritsa A4, mamilimita 210 kwa 297. Kompyuta ikaikidwa Chingerezi cha ku America imasankha Letter, 216 kwa 279, ndiye pulinta imaima n'kumaphethira kufuna pepala lomwe mulibe, kapena tsamba limatuluka losakhala bwino. Konzani malo atatu: pa pulinta penipeni, mu CUPS ndi sudo lpadmin -p Ofesi -o PageSize=A4, ndi mu LibreOffice pa kalembedwe ka tsamba.

Ntchito ikakanika, lpstat -t imakuuzani ngati mzere wa ntchito zodikira waimitsidwa. Mitundu ina ya Linux imaimitsa pulinta ikangolephera kamodzi, ndipo siyambanso mpaka mutalemba sudo cupsenable Ofesi. Kuti iziyesanso yokha, lembani sudo lpadmin -p Ofesi -o printer-error-policy=retry-job. Aphunzitsi, apa tcherani khutu: ntchito zodikira zimatuluka zonse magetsi akangobwera, ndiye mapepala a mayeso omwe munatumiza masana akhoza kutuluka madzulo mu ofesi muli wina. Musanachoke onani lpstat -o, mufafanize zotsala. Uthenga wa Filter failed umaloza ku driver, ndipo tsatanetsatane wake ali mu /var/log/cups/error_log.

Zina si za kompyuta n'komwe. Pulinta ya leza imamatira tona pa pepala ndi fuser yotentha pafupifupi madigiri 200, ndipo potenthetsa imakoka mawati mazanamazana, ina kufika 1000. Musailumikize ku UPS (batire losunga magetsi akazima) yaing'ono kapena ku inveta ya sola ya mawati 500. Imazimitsa zonse, rauta ndi kompyuta zomwe. UPS isungireni rauta ndi kompyuta, pulinta ipite pakhoma kudzera pa choteteza magetsi akabwera mwamphamvu. Ndipo kuno kumapiri, nyengo ya mvula kapena m'mawa wa nkhungu wa Juni ndi Julayi ku Bembeke ndi pa boma, pepala logona m'thireyi limamwa chinyezi. Likadutsa pa fuser limapindika, limakodwa, tona imatuluka yothothoka, ena n'kuthamangira kugula katiriji yatsopano. Sungani rimu m'chikutiro chake m'kabati, osati pa simenti, muike m'thireyi okwanira tsiku limenelo, ndipo muwapepese m'manja musanawalowetse kuti asamatirane.