Mwano wa kuchipatala umayambira pa sukulu

Timadandaula kwambiri pano pa Facebook kuti ogwira ntchito ena m'zipatala ndi amwano, koma sitifunsa kuti mwanowo unayamba liti. Kwa ine, umayamba akadali ophunzira, pomwe amatumizidwa kuchigwa cha Shire kuno kudzaphunzira ntchito ya chithandizo chamwadzidzidzi.

Taganizani mwana wa sukulu wongoyamba kumene wakwera ambulansi ndi mayi yemwe magazi sakuleka atachira. Ulendo ndi wa ku chipatala chachikulu cha Gulupu ku Blantyre. Adutsa Ngabu, Nchalo, awoloka Shire, pa Thabwa ayamba kukwera zitunda zokhotakhota zija, iye dripi ili m'manja. Ndi mu Okutobala, kutentha kwapyola madigiri 40. Mayi uja akatsirizika panjira, mwanayo pobwerera amangomva kuti, "Limba mtima, ntchito yake ndi imeneyi," basi azilandira wodwala wina. Wadya? Wagona? Palibe wofunsa.

Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linafotokoza za kutopa kobwera ndi ntchito komwe kumapitirira muyeso. Zizindikiro zake ndi zitatu: kutheratu mphamvu, kuuma mtima pa ntchito yako, ndi kuona kuti palibe chomwe ukuphulapo. Chachiwiricho ndi chomwe ife odikirira odwala timakumana nacho pakhomo la wodi, n'kumati namwino uyu ndi wankhanza.

Ndiye kuno mavuto sapumitsa. Namondwe wotchedwa Ana mu Januwale 2022, kolera chaka chomwecho mpaka 2023, kenako namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Omwe anali ophunzira nthawi imeneyo anaona zinthu zoti ngakhale madoda sazikamba.

Inu aphunzitsi ndi akuluakulu a m'mawodi, kumanga bala mumaphunzitsa bwino ndithu. Phunzitsaninso chochita munthu akakufera m'manja. Mukhale naye pansi wophunzirayo tsiku lomwelo, anene zomwe waona, alire ngati misozi ikubwera. Mumuuzenso za wodwala wanu woyamba kumwalira, adziwe kuti nanunso zinakugwedezani. Ndipo wogwira usiku wonse asamayembekezeredwe m'kalasi m'mawa mwake.

Enanu ophunzira, makamaka anyamata, za "mwamuna salira" zisiyeni. Tulo tikayamba kusowa, kapena mukaona kuti simukugona popanda kachasu, uzani mnzanu kapena mphunzitsi yemwe mumamukhulupirira sabata yomweyo. Pa zipatala za maboma pamakhala anamwino oona za matenda a maganizo, ndipo sanaikidwirepo anthu akumudzi okha.