Kumvetsera nakonso n'kuwerenga

Mwalemba kuti kumvetsera buku sikufanana ndi kuliwerenga, koma ine sindikugwirizana nazo. Twilight, nkhani yopeka ya Stephenie Meyer yomwe inatuluka mu 2005, inandikanika papepala. Bella, mtsikana wofotokoza nkhaniyo, amangodandaula tsamba lililonse. Nditamva Ilyana Kadushin akuiwerenga, ndinaimaliza uku ndikuchapa ndi kusita, mahedifoni ali kukhutu. Mawu ake anandionetsa mvula yosakata ija ya ku Forks, tauni yomwe nkhaniyo imachitikira, ngati ndili komweko.

Chinandivuta n'chakuti Edward, chibwenzi cha Bella, ndi namapopa, ndipo kwathu kuno dzina limenelo silikoma m'khutu, tonse tikukumbukira za ku Mulanje mu 2017. Mwana wa achemwali anga, wa zaka 15, saonapo vuto. Akuti katswiri weniweni ndi Jake Abel, yemwe anawerenga Midnight Sun, buku lina la Meyer, moti bandulo yanga yonse anaithera pomwepo.