Mwati mwayeretsa mtsinje? Mwaupha!

Lachisanu lapitali, tsiku lija losesa m'tawuni, gulu la anyamata ndi amayi linatsikira ku kamtsinje kodutsa kumunsi kwa magalaja kuno ku Kasungu, zitchetcho ndi zikwanje zili m'manja, ati kukayeretsa. Pofika masana utsi unali tolotolo. Ine ndinatsikirako chakumadzulo, ndipo zomwe ndinapeza zandisowetsa tulo. Bango lonse agwetsa n'kulitentha. Zisa za atchete zili mbwee pansi, zina mazira ali momwemo, zina muli tiana tosamera nthenga, kukamwa kuli yasa, nyerere zitayamba kale phwando. Ng'azi yaikulu aiphwanya mutu n'kuikoleka pachitsa, ana akujambulitsa nayo pafoni. Nanga madziwo? Akadali bii, oyilo akunyezimira pamwamba, fungo lake lomwe lija la dzana ndi dzulo.

Ndiye mwayeretsa chiyani, ana anga?

Amene anathira oyilo wakuda m'madzimo ndi tchete? Asidi wa mabatire anakhuthulira m'ngalande ndi chule? Magazi ndi matumbo a mbuzi zophedwa m'mamawa, madzi a sopo otsukira maminibasi, mapampasi, majumbo, mabotolo a kachasu, zonsezi wabwera nazo ndi kakowa? Mwini galaja munamudutsa ali chikhalire pa tayala, munapatsana naye moni, mwina anakuguliraninso zakumwa kuti ntchito iyende bwino. Paipi yake yotayira uve munaidumpha ngati simukuiona. Mphamvu zanu zonse mwakathera pa bango ndi pa ng'azi, zinthu zosatha kukuyankhani. Uku n'kumeta mpala munthu wodwala malungo n'kumaimba nthungululu kuti wachira.

Pamene a Lazarus Chakwera, ali pulezidenti, ankakhazikitsa tsiku losesali mu Novembala 2020, nkhani inali ya zinyalala. Lachisanu lachiwiri la mwezi, aliyense atole zoipa pamalo pake. Anakuuzani ndani kuti chilichonse chobiriwira ndi chinyalala? Mwayamba liti kuona mtengo wa katope ngati uve? Winatu ndinamumva ndi makutu angawa akunyadira kuti tsopano pakuoneka poyera, munthu atha kuona tsidya lina. Kuona tsidya lina! Ukaone chiyani kumeneko, mwanawe, mulu wa matayala akutha?

Bango lija ndi lomwe linkagwira dothi la m'mbali. Ndi lomwe linkasefa matope ndi uve madzi asanafike kumadimba a kumunsi, komwe kumachokera mpiru ndi tomato yemwe mumagula pamsika. Mvula ili pafupi, mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku phiri la Kasungu. Yoyamba ikangogwa, phulusa lanulo, dothi lomwe mwavundukulalo ndi oyilo yense wakhala akuundana pansi zaka zonsezi zidzatsika limodzi. Gombe lidzagumuka. Nyumba zomwe zamangidwa mophwanya malamulo m'mphepetemo zidzalowa madzi, ndipo mudzathamangira kwa akhansala kukalira kuti boma likuthandizeni. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chokha chikuimba, ndinu amene mwatseka makutu.

Udzudzu nawo mwauitana nokha. Achule, atombolombo, timatemba ndi mileme yomwe inkagona mumkuyu uja mwausadzula nthambi, ndi zomwe zinkadya udzudzu ndi mphutsi zake popanda malipiro. Mwasiya zithaphwi zosayenda, zotenthedwa ndi dzuwa, zopanda mthunzi. Pofika Januwale mudzakhala pamzere kuchipatala, mwana ali kumsana thupi lili moto, n'kumati kwabwera malungo achilendo. Ng'azi ndi nsato zinkatola makoswe. Mwati njoka zimaluma ana. Ana ake ati, omwe munawatenga kukathamangitsa nyama ndi miyala m'moto? Chamoyo chilichonse chikathawa moto chimalowa pomwe chapeza, ndipo pomwe chapezapo ndi m'khitchini mwanu.

Chomwe chinandipweteka koposa ndi chisa cha nantchengwa. Amene mwakulira kumudzi mukuchidziwa, chimulu cha timitengo ndi udzu pamphanda ya mtengo, cholimba moti munthu wamkulu atha kuimapo osagwa. Mbalame ziwiri zimachimanga kwa masabata ambiri, kamtengo kamodzikamodzi. Ife tikukula, ngakhale mnyamata wa legeni wosamva chotani sankachiyandikira, makolo ankati chisa cha nantchengwa sichiphwasulidwa. Kaya mumati n'zikhulupiriro zachikale, zili ndi inu, koma mbalameyo inkakhala. Lachisanuli anyamata atatu anachigwetsa ndi nsungwi n'kuchiponya pamoto, amayi akuluakulu, oti ena ndi a mvano, ataima poteropo akuseka. Palibe ndi mmodzi yemwe anati leka.

Ndipo ndife anthu a ku Kasungu, ati kwawo kwa nyama. Mu 2022 dziko lonse linaonera pa kanema njovu 263 zikusamutsidwa pamathiraki kuchoka ku Liwonde kubwera ku nkhalango yathuyi. Alendo amawoloka nyanja kudzagona ku Lifupa, m'nkhalango momwemo, kuti aone mvuu ndi mbalame. Abale athu okhala m'malire mwa paki akulimbana ndi njovu m'minda, akugona panja kulondera chimanga, ndipo timawauza kuti apirire poti nyama ndi chuma cha dziko. Ife a m'tawuni, amene katumbu kapena fulu sanatidyerepo ngakhale phesi limodzi, talephera kupirira chisa cha mbalame? Manyazi mulibe?

Pitani ku Blantyre mukanunkhize Mudi pomwe wadutsa mafakitale a ku Makata. Suja unali mtsinje womwa anthu? Lero munthu umadutsa pamlatho utagwira mphuno. Sunafe tsiku limodzi ayi, unafa chonchi, uyu kuthiramo pang'ono, uyo kudula pang'ono, aliyense akuti zanga n'zochepa. Kenako mukaime ku Lilongwe m'mbali mwa Lingadzi, pomwe anasiya nkhalango pakati penipeni pa mzinda. Apusi, agwape ndi mbalame zili momwemo, maofesi a boma ali chapafupi pomwepo, ndipo palibe anafa nacho chifukwa choti mitengo yaima. Ife tasankha kutsanzira Mudi, tilibe n'mafakitale omwe oti tinamizire. Athu ndi magalaja, zigayo, mabutchala ndi mauvuni a njerwa basi, koma taonani liwiro lomwe tikuwonongera.

Inu eni magalaja, musaganize kuti ndakuiwalani. Oyilo wakutha amasungidwa m'migolo, alipo anthu amagula kukapaka mitengo ya denga kuti chiswe chisadye. Chovuta n'chiyani? Lamulo la zachilengedwe la 2017 lilipo, bungwe la boma loteteza zachilengedwe la MEPA lilipo, ndipo kuthira zoipa m'madzi ndi mlandu ngakhale muchite usiku. Inu alimi a nazale za fodya amene mumatsukira masipuleya mumtsinje momwemo, nkhanu ndi milamba zikayandama mimba zili m'mwamba mumati zafa ndi kutentha? Ana amatola nsomba zomwezo n'kukawotcha. Inu a mchenga, mwakumba mpaka mizu ya mikuyu ili lende. Majumbo opyapyala analetsedwa kalekale mu 2015, koma ndi omwe adzaza m'makalavati. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anatenga anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, maliro tinaika tonse, koma zimbudzi zina mpaka lero zikutsegulidwira m'ngalande mvula ikamagwa. Madzi a m'tawuni muno ndi ochepa kale, Damu la Chitete likaphwa tonse timayenda ndi zigubu pamutu. Ndiye tiziseweretsanso timitsinje tatsalati?

Ndamva kuti mwezi wamawa mukufuna kupitiriza chakumtunda, komwe kwatsala bango pang'ono ndi mitengo ya katope, komwe akakowa athawira. Amfumu a m'deralo, akhansala, atsogoleri a mipingo amene mumalengeza za tsikuli paguwa, ndikupemphani mwaulemu wanga wonse: zitchetcho, zikwanje ndi machesi zitsale kunyumba. Anthu atenge matumba, mafosholo ndi mawilibala. Atole majumbo, avuule matayala ndi zitsulo, zinyalalazo zikatayidwe kumtaya, osati kuziunjika pagombe kuti mvula idzazibwezere. Akayambire pa paipi ija, mwini wake ali pomwepo, dzuwa likuswa mtengo. Pomwe mwatentha kale mubzalepo vetiva ndi mitengo yachilengedwe mvula ikayamba, ndipo obzalawo akhale omwewo anagwira machesi.

Ngati kutola jumbo kukukulemerani, khalani kunyumba mukazinge chimanga. Mtsinjewo usiyeni, mwaupweteka mokwanira.