Pulinta ndinagula ndi ndalama zanga, bwanji andisankhire inki?

Sabata yatha mwana wanga wa Fomu 4 anandipempha kuti ndimupulintire mapepala a mayeso akale a MSCE. Tili pakati, pulinta inangoima, kanyali kofiira n'kuyamba kuphethira. Inki yakuda yatha. M'mawa mwake ndinapita kukafunsa mtengo m'tauni, ndipo ndinabwerako mtima uli chowawa: makatiriji (timabokosi ta inki) awiri, lakuda ndi la mitundu, mtengo wake ukuyandikira ndalama zimene ndinagulira makina onsewo.

Abale anga, zimenezi sizinangochitika mwangozi. Makampani amagulitsa pulinta zazing'ono zapakhomozi motchipa dala, nthawi zina mosapeza phindu n'komwe, podziwa kuti ndalama yawo adzaitolera pa inki kwa zaka zonse zimene makinawo adzakhale m'nyumba mwanu. Pulinta ndi nyambo, inki ndiye mbedza. Ngakhale makatiriji amene amabwera m'katoni limodzi ndi makina atsopano nthawi zambiri amakhala ndi inki yochepa, yongoyambira. Ukamanyamula katoni ija m'sitolo umaona ngati wachita mwayi, koma ndi chikomekome cha mkuyu.

Taonani kuchepa kwake. Katiriji lakuda la HP 305, lomwe limalowa m'mapulinta ambiri a DeskJet, lili ndi inki yokwana mamililita 2 okha. Supuni ya tiyi imalowa mamililita 5. Ndiye kuti munthu ukulipira ndalama zoboola m'thumba pogula madzi osafika ngakhale theka la supuni. Eni ake amati limapulinta masamba pafupifupi 120, koma amawerengera masamba a malemba apatalipatali. Ikani chithunzi cha mtima wa munthu kapena mapu a Africa, muona ngati mufika pamenepo. Pomwe botolo limodzi la inki yakuda ya Epson 103, ya mapulinta a thanki omwe mumangothiramo inki ya m'botolo, ndi mamililita 65 ndipo amati limafika masamba 4,500. Kuti mufike masamba amenewo ndi timakatiriji tija mufunika toposa 37. Makampani ena, kuphatikizapo HP yomweyo ndi Canon, nawonso ali ndi mapulinta a thanki okhala ndi inki yotchipa chomwecho. Ndiye wina asandiuze kuti inki payokha ndi yodula kupanga.

Komanso si inki yonse imene mumagula imafika papepala. Pulinta ikakhala masiku osagwira ntchito, mukaiyatsa imayamba yadzitsuka timabowo totulutsira inki, ndipo imatsukira inki yomweyo. Ife apakhomo, amene timapulinta lero kenako n'kudzapulintanso mwezi wamawa, ndi amene timaluza kwambiri. M'nyengo yotentha ngati ya October katiriji limatha kuuma lisanathe. La mitundu lija lili ndi zipinda zitatu m'kabokosi kamodzi: wachikasu ukatha, mutaya lonse ngakhale mitundu iwiri ija ikadalimo.

Zonsezi ndikanatha kupirira. Munthu ali ndi ufulu woika mtengo pa katundu wake. Chimene chimandipweteka kwenikweni n'chakuti akatidulitsira chonchi, amatitsekeranso njira yothawira.

Pa makatiriji ambiri pali kachipangizo kakang'ono kolankhulana ndi pulinta. Mu 2016 kampani ya HP inayambitsa zomwe imazitcha Dynamic Security, ndipo anthu ambiri anangodzuka tsiku lina pulinta zawo zikukana makatiriji a makampani ena omwe dzulo lake ankagwira bwinobwino. Anthu anadandaula mpaka kumakhoti, ndipo mu 2020 bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Italy linalipiritsa kampaniyo mayuro 10 miliyoni chifukwa chosawauza ogula momveka za malire amenewa. Mu January 2024 mkulu wa HP panthawiyo, Enrique Lores, ananena poyera pa kanema wa CNBC kuti wogula amene sapulinta kwambiri kapena sagwiritsa ntchito inki yawo ndi munthu amene kampani yatayirapo ndalama. Anawonjezera kuti cholinga chawo n'chakuti kupulinta kuzikhala kolipira mwezi ndi mwezi. Ku America, kampani ya Lexmark inalimbana ndi kampani ina yodzaza makatiriji akale mpaka kukhoti lalikulu la dzikolo, ndipo mu 2017 inagonja: oweruza anati ukagulitsa chinthu sungagwiritsenso ntchito patenti yako (chiphaso choteteza luso limene unatulukira) kulamula zochita nacho.

Ndi mfundo imeneyo imene ine ndaimapo. Taganizani mnyamata wakabaza atagula njinga yamoto, kenako injini izikana kulira pokhapokha mafuta achokere pampope umodzi wokha m'dziko muno. Angalole ndani?

Ndikudziwa zomwe makampani amayankha. Amati inki yachabe imatseka timabowo tija, imafufuta, imawononga makina. Pamenepo sakunama, ndinaonapo satifiketi yofotokopedwa ndi inki yotchipa itasanduka yotuwa pasanathe chaka. Koma andichenjeze, andiuze kuti ndikathira inki ina asadzandikonzere ulere. Kusankha kukhale kwanga. Kuchenjeza ndi kwina, kuzimitsa makina a munthu ali m'nyumba mwake ndi kwinanso.

Kuno kwathu ululu wake umawirikiza. Inki yonse imachokera kunja, imagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cha m'sitolo za makompyuta chinakwera, malipiro athu ali pomwepo. Amene akhala akutipulumutsa ndi anyamata odzaza inki ndi jakisoni m'timashopu ta m'tauni, zala zawo zili bii. Ntchito yawo ndi yachilungamo, ndipo katiriji lililonse limene adzaza ndi pulasitiki imene sinapite kudzala. Makina akamakana katiriji lodzazidwa, akulanda nsima pakamwa pa anyamata amenewa. Palinso vuto la achibale otitumizira pulinta kuchokera ku America kapena kwina: makampani ena amagawa dziko m'zigawo, katiriji logulidwa kuno makina a kumeneko salilandira.

Ndikanakonda eni sitolo azinena zoona munthu asanalipire: katiriji ili ndi ndalama zakuti, limapulinta masamba akuti. Inu amene mukufuna kugula, funsani zimenezo musanafunse mtengo wa makina, kenako gawani muone mtengo wa tsamba limodzi. Ngati mumapulinta kwambiri, ya thanki imadula pogula koma imabweza ndalama. Ngati ndi malemba okhaokha akuda, ya laser ndi yabwino chifukwa ufa wake suuma. Ngati ndi masamba asanu pamwezi, musagule n'komwe.

Mapepala a mwana aja ndinawaika pa fulashi n'kukapulintitsa pakashopu ka pamsika. Pulinta yanga ndaifunditsa chitenje pakona, ndipo ndayamba kusunga pang'onopang'ono ya thanki.