Chinenero chopeka chimafunika makolo

Anzanga opeka zinenero, ambiri mumathera mphamvu pa kutola maliwu achilendo. Wa kukhosi uyu, wogunda lilime uyo, onse kuwaunjika pamodzi, basi ati chinenero chatheka. Ine ndimati ntchito mukhala musanaiyambe n'komwe. Chinenero chimamveka ngati anthu anachilankhuladi chikakhala ndi zipsera za zaka zambiri, ndipo zipserazo sungazijambule pamanja.

Tolkien, mlembi wa buku la The Lord of the Rings, ankadziwa zimenezi, poti mbiri ya zinenero ndiyo inali ntchito yake ku Oxford. Quenya ndi Sindarin, zinenero za m'nkhani zake, sanazipeke payekhapayekha. Anayamba ndi chinenero chimodzi chakale, kenaka nthambi iliyonse anaipatsa malamulo ake. Liwu la kw linakhalabe mu Quenya, koma mu Sindarin linasanduka p. N'chifukwa chake mbalame imene Quenya imati alqua, Sindarin imati alph: kw anapita ku p, ndipo p uja, pokhala pambuyo pa l, anafewanso n'kumamveka ngati f. Sizinachoke m'mutu mwake zokha ayi. Jacob Grimm, katswiri wa zinenero wa ku Germany, anali atalemba kale mu 1822 kuti p wakale anasanduka f m'zinenero za banja la Chijeremani, momwe mulinso Chingerezi: Chilatini chimati pater, piscis, pomwe Chingerezi chimati father, fish. Liwu likasintha, limasintha paliponse pamene lili pamalo ofanana, silisankha nkhope.

Pamene pali nkhani ndi pa ndondomeko ya malamulowo. Tiyerekeze kuti m'chinenero chanu chakale mwala ndi taka, miyala ndi taki. Ikani malamulo awiri. Loyamba, k akatsatiridwa ndi i asanduke ch. Lachiwiri, vawelo yakumapeto igwe. Taki apita ku tachi, kenaka tach, pomwe taka atsala tak. Mwapeza tak ndi tach, kuchulukitsa kodabwitsa kumene mwana wa m'chinenerocho angangoloweza osadziwa kuti kunabwera bwanji. Tsono tembenuzani: vawelo iyambe kugwa. Onse awiri akhala tak, i uja wapita asanasiye chizindikiro, ndipo olankhula anu afunika njira ina yosiyanitsira mwala ndi miyala, mwina kuwonjezera kamawu kotanthauza zambiri. Malamulo omwewo, zinenero ziwiri zosiyana.

Musati izi ndi za kutali. Timati khasu koma makasu, phiri koma mapiri, tsamba koma masamba, duwa koma maluwa. Mphatikiram'mbuyo wakale, kachigawo ka kumayambiriro kwa mawu, anagwa n'kuchoka pa dzina la chinthu chimodzi, koma anasiya ataumitsa liwu lotsatira. Palibe amene anakhala pansi kuti akonze zimenezi.

Vuto la ambiri ndi chisoni. Lamulo likafika pa mawu amene amawakonda, monga dzina la mfumu kapena la mzinda, amalipatutsa kuti mawuwo asawonongeke. Pamenepo m'pamene chinenero chimayamba kununkha bodza. Ngati mukufunadi kuti mawu ena apulumuke, apezereni chifukwa chenicheni. Mwina anabwerekedwa kwa anthu oyandikana nawo lamulo lija litasiya kale kugwira ntchito, kapena ansembe anawasunga m'mapemphero monga ankatchulidwira kale. Apo ayi, dzina la mfumuyo lidulidwe mchira ngati ena onse, ndipo taki wanu akhale tach ngakhale sakukusangalatsani.